Marlin ya abwana anga, bwanji anaibwezera m'nyanja?

Wophika_Borrowdale:
Abale, ndithandizeni. Ndimaphikira abwana ena kuno ku Borrowdale, mu Harare. Mwezi wa Okutobala ananyamuka kudzera pa chipata cha Forbes ku Mutare, ati kukawedza chinsomba chotchedwa marlin cha ku Bazaruto, kunyanja ya mchere ku Mozambique. Ine ndinatsukiratu filiji kudikira ndiwo. Pobwera, zithunzi zokhazokha! Chinsomba cha mlomo ngati mkondo chili m'mbali mwa boti, ati anachibaya kachizindikiro pamsana n'kuchisiya. Petulo yense uja, ndalama za boti, basi? Kwathu ku Nkhotakota mudzi wonse ungakusekeni.

Malume_Mufakose:
Achemwali, ngati inali yaikulu choncho ndiye kuti inali yaikazi. Marlin zikuluzikulu zimakhala zazikazi. Blue marlin yaimuna kawirikawiri siposa makilogalamu 160, pomwe yaikazi imatha kudutsa 500. Black marlin ija anagwira Alfred Glassell ku Cabo Blanco, m'dziko la Peru, mu 1953 inalemera makilogalamu 707. Mukapha yaikuluyo mwapha yoikira mazira mamiliyoni. Kachizindikiroko kamakhala ndi nambala, wina akadzaigwiranso akatswiri amadziwa kumene yayenda.

Mphwanu_waKuMbare:
Amalume mwayankha bwino, koma tisanamizane. Amene akumaliza nsombazi si azibwana a tchuthiwa ayi. Ndi zombo zofuna nsomba za tuna, zomwe zimatchera chingwe cha makilomita ambirimbiri, mbedza masauzande, n'kuchisiya maola. Marlin imameza nyambo yomweyo, ndipo pokoka chingwe nthawi zina amapeza yafa kale chifukwa imapuma bwino ikamasambira. N'chifukwa chake bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linaika blue marlin m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Komanso kubwezako si kuti yapulumuka basi. Ikameza mbedza mpaka m'mimba imatha kukafera kutsogolo. Mukawafunse abwanawo ngati anagwiritsa mbedza zozungulira zija, zokola pakona pa kamwa.

Wophika_Borrowdale:
Ndikafunsa akadzuka bwino, kkkk. Nanga imadyeka?

Malume_Mufakose:
Imadyeka, ena amaiwamba pa utsi. Vuto lake imadya nsomba zinzake moyo wake wonse, ndiye mnofu wake umasonkhanitsa mercury wambiri, yemwe ndi poizoni m'thupi. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono amalangizidwa kuti asamadye, ndipo kuphika sikuchotsa mercury ameneyo.