Ginjinha ya ku Portugal: ndigule iti yopita nayo kumudzi?

Abale, amene munafikako ku Portugal ndithandizeni nzeru. Ndili ku Lisbon sabata ino, ndipo dzulo mnzanga wa kuno ananditengera pa kabala kakang'ono kotchedwa A Ginjinha, kogulitsa mowa wotchedwa ginjinha, pafupi ndi bwalo la Rossio. Kanatsegulidwa mu 1840, ndipo mpaka lero mulibe mipando, anthu amamwa choimirira pakhomo. Wogulitsa atandifunsa kuti "com ou sem elas?" ine ndinangoti kakasi, mpaka mnzangayo anandiuza kuti akufunsa ngati aikemo zipatso m'kapu kapena ayi. Ndinati aikemo.

Mowawu ndi wofiira, amaupanga poviika tizipatso towawasa ta ginja mu aguardente, kachasu wawo wa kuno, n'kuthiramo shuga. Kutsekemerako n'konyenga. Kapu yoyamba ndinkangoona ngati juwisi, yachiwiri miyendo inayamba kundilemera. Komanso palibe anandichenjeza kuti m'chipatsomo muli njere yolimba, dzino linatsala pang'ono kupita.

Tsopano ndikufuna kugulira achimwene botolo limodzi. Loweruka tikupita ku Óbidos, komwe amaithira m'timakapu ta chokoleti todyedwa ukamaliza kumwa. Kodi ya kumeneko imaposa ya ku Lisbon, kapena ndi chokoleticho chabe chimakopa alendo? Nanga botolo la zipatso mkati limakhala nthawi yaitali bwanji likatsegulidwa, poganizira kutentha kwa ku Salima? M'chikwama cham'manja sililoledwa chifukwa limapitirira 100 ml, ndiye amene munaliikapo mu sutikesi, munalikulunga ndi chiyani kuti lisasweke n'kufiiritsa zovala zonse?