Thandizeni abale: akaunti yosunga mapaundi, madola ndi maranda pamodzi ija imachepetsadi machaji?

Membala wobisa dzina

Moni nonse pagulu pano. A admin ndiloleni ndibise dzina, muno muli apongozi anga komanso anthu akutchalitchi, mawa angayambe kundiwerengera malipiro kkkk.

Nkhani ili chonchi. Ndili ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo malipiro ndimalandira m'mapaundi, koma ndalama yanga imapita mbali zitatu. Amayi ku Dedza ndimawatumizira ya ndiwo ndi mankhwala a shuga pa Airtel Money mwezi ndi mwezi, imeneyo siivuta kwenikweni. Achimwene anga ali ku Joni ndi amene akundigulira matailosi, giza ndi zitseko za nyumba yomwe ndikumanga ku Area 49 nkumapatsa a transipota, ndiye uko kumafunika maranda. Koma kumene kwandipweteka mtima ndi kwa mng'ono wanga amene akuphunzira ku India, fizi yake sukulu imafuna m'madola.

Mwezi wathawu ndinatumiza $1,000 ndendende kudzera kubanki yanga yakuno, anandidula £20 ndinati basi ndi mmene zimakhalira. Patadutsa masiku anayi mwana akuimba akulira, akuti ku ofesi yolipirira fizi amuuza kuti yafika $962 ndipo samupatsa kakhadi kolowera mayeso mpaka atakwanitsa $38 yotsalayo. Ine ndili pa shifiti yausiku, gogo wina akuliza belu kuchipinda, ine ndabisala ku laundry foni kukhutu. Kutacha ndinaimbira banki akuti ife tinatumiza yonse mayi, sukulu nayo ikuti ife talandira 962, nanga $38 yadyedwa ndi ndani, afiti? Chondinyasa kwambiri nchoti kuti nditumize $38 yo amafunanso £20 ina. Mwamwayi mnzake wina anamubwereka, koma manyazi ake abale.

Ndiye mnzanga wa ku Zimbabwe kuntchito anandionetsa foni yake, ali ndi app ya ndalama yotchedwa Wise, mkatimo muli mapaundi pawokha, madola pawokha, maranda pawokha, akuti amasintha yekha nthawi yomwe wafuna. Wina akuti ayi Revolut. Amene mukugwiritsa ntchito zimenezi ndiuzeni zoona, machaji ake ndi otani, palibe ena obisika? Ndingamalipire fizi ya ku India ndi matailosi a ku Joni kuchokera momwemo? Nanga amayi ku Dedza? Komanso ndalama ikagona mmenemo ndi yotetezeka ngati kubanki? Sindikufuna kuthawa mvula nkukagwera m'chithaphwi.

Ndemanga

Nabanda wa ku Coventry
Following, ine zomwezi zinandichitikira ndi fizi ya mwana

Bambo a Tada
Achemwali pepani. $38 yanu sinadyedwe ndi afiti, inadyedwa ndi mabanki apakati. Mukatumiza pa SWIFT, njira yomwe mabanki amatumizirana ndalama pakati pa maiko, ndalama siichoka kubanki yanu nkugwera ku India mwachindunji, makamaka ikakhala dola nthawi zambiri imadutsa kaye kubanki ina ku America, mwina iwiri, ndipo aliyense amanyemako kake ngati marodibuloko a pamsewu wa M1. Pa fomu yotumizira pamakhala mawu atatu, OUR, SHA ndi BEN. SHA ndiye kuti inu mwalipira banki yanu yokha, zotsalazo zidulidwa pa ndalama yomwe ikuyendayo, ndipo mabanki ambiri amakuikirani imeneyo osakufunsani. OUR ndiye kuti machaji onse ndi anu kuti uko ifike yathunthu, BEN ndiye kuti onse adulidwa kwa wolandira. Pa fizi muzisankha OUR ngati ilipo, apo ayi muziikako kapamwamba.

Koma ine ndikukuuzani, munaluza yoposa £20 ndi $38 yo. Tayang'anani pa sitetimenti anakudulani mapaundi angati kuti apange $1,000. Chitsanzo chabe, tinene kuti tsiku limenelo pa Google paundi imodzi inali $1.30 koma banki inakupatsani $1.26. Kusiyana kwa masenti anayi kumaoneka kamwana, koma pa £800 ndi $32 imeneyo, ndipo palibe pomwe alemba kuti chaji, yangolowa mu reti. Apa ndi pamene ma app mukunenawa amaposera mabanki akuluakulu.

Membala wobisa dzina
Bambo a Tada iiii ndapita kukaona, zoonadi palembedwa SHA, ine ndimayesa ndi kodi chabe. Za reti zo ndaopa kuwerengera, BP ingakwere kkkk

Mai a Chiso
Ine ndimagwiritsa Wise chaka chachitatu tsopano. Kale inkatchedwa TransferWise, anasintha dzina mu 2021. Chomwe ndimaikondera nchoti reti yake ndi yapakati ija mumaiona pa Google, kenako chaji amakulemberani payokha musanadine send, komanso amakuuzani kuti uko ikafika zingati. Chajiyo siyofanana, imatengera ndalama yomwe mukusinthira komanso mmene mwalipirira, mukalipira ndi khadi imakwera, mukachita bank transfer kuchoka kuakaunti yanu yakuno imatsika, ndiye musamachite ulesi wa khadi. Amakupatsaninso sort code ndi nambala ya akaunti ya mapaundi, IBAN (nambala ya akaunti) ya mayuro ndi manambala a akaunti ya madola, moti mlamu wanga wa ku Dublin akafuna kuthandiza maliro kumudzi amangoponya mayuro pa IBAN yo osataya kanthu panjira.

Za India, funsani kaye kusukuluko ngati angalandire marupi mu akaunti yawo yakomweko. Akavomera angokupatsani nambala ya akaunti ndi IFSC code (kodi ya nthambi ya banki ku India), ndalama imasinthidwa kamodzi kuchoka ku paundi kupita ku rupi nkulowa ngati yatumizidwa ndi munthu wa mu India momwemo, mabanki apakati aja mwawalambalala. Akakakamira madola ndiye kuti iyendabe pa SWIFT olo mutumize kudzera pa app, ndiye muwerenge bwino zomwe alemba pa machaji musanadine. Ndipo musaiwale nambala ya mwana yakusukulu pa reference.

Jah Bless Ndirande
Asisi inbox ine ndimasintha pa reti yabwino kuposa onsewa, mapaundi kuno kwacha kumudzi mphindi 5

Admin 2
A Jah Bless chenjezo loyamba ndi lomaliza. Malonda osintha ndalama pagulu pano ayi. Mamembala, aliyense wokuitanirani ku inbox pa nkhani ya ndalama mukapita mwapita nokha.

Naphiri Original
A admin mwachita bwino. Ine ndinapusitsidwapo ndi wina wa mtundu umenewu, ulendo woyamba £100 inafika bwinobwino, wachiwiri £200 inafika, wachitatu nditamupatsa £700 ya malata foni inazima mpaka lero. Ndipo ukadandaula kwa ndani, poti nawenso wachita zosaloledwa. Risiti ulibe. Unangotsala ndi sikirinishoti ya WhatsApp yomwe DP yake ndi mkango.

Kabaza Economist
Koma tisanamizane, anthu amapita kwa anyamatawa chifukwa reti yakubanki kumudzi ndi ya pamsewu zimasiyana kutali, wina akamanga nyumba amaona ngati akutaya simenti. Sindikuti chitani, ndikungonena chomwe chimawakoka anthu.

Naphiri Original
Chinandikoka inenso nchomwecho, pano malata ndinagula kawiri

Uncle wa ku Luton
Revolut ndili nayo. Ndiyabwino poyenda ndi pogula zinthu, koma dziwani ziwiri ngati muli pa pulani yaulere ija. Pa wikendi misika ya ndalama imakhala yotseka ndiye amaikapo kachaji kapamwamba mukasintha, sinthani pakati pa sabata. Komanso pali malire a ndalama yomwe mungasinthe pamwezi popanda chaji yowonjezera, mukadutsa pamenepo ayamba kudula, ndiye fizi ndi matailosi mwezi umodzi mudutsa ndithu. Ine ndimatsegula ma app awiri atatu nthawi imodzi, ndilemba £500 paliponse nkuona kuti wolandira apeza zingati. Basi nambala yomwe ndimayang'ana ndi imeneyo. Za zero fee zija amalemba ndi zilembo zikuluzikulu sindiwerenganso, mbewa ili mu reti.

Za chitetezo mwafunsa zija. Wise kuno ku UK si banki, ndi kampani ya e-money, malamulo amawakakamiza kusunga ndalama za makasitomala padera osasakaniza ndi zawo, koma si chimodzimodzi ndi FSCS ija imabweza ndalama banki ikagwa. Ndiye malipiro azilowabe kubanki yanu, ku app muzingoponya yomwe ikuyenda.

Achimwene a ku Kempton
Mbali ya Joni ndiyankhe ine. Maranda amalowa bwino mu akaunti yakubanki kuno, koma ikhale ya dzina la achimwene anuwo ndendende mmene lilili pa pasipoti, osati ya mnzawo kapena ya bwana wawo. Ndipo kuno ndalama yochoka kunja Reserve Bank yawo imafuna idziwe kuti ndi ya chani, ndiye ulendo woyamba atha kulandira uthenga kapena imelo yoti alembe kafomu, muwauze asaone ngati ndi atsotsi nkufufuta, ndalama imangokhala m'malere kudikira fomuyo. Chinanso, ngati sitolo ya matailosi ndi yaikulu bwanji osapempha invoice nkulipira ku akaunti ya sitoloyo? Sindikunena kuti achimwene anu ndi akuba ayi kkkk koma Joni ndi Joni, lendi ikavuta ndalama ya giza imasanduka ngongole.

Membala wobisa dzina
Achimwene a ku Kempton mwalankhula ngati mumawadziwa kkkkk zitseko zinachedwa miyezi iwiri nkhani yake yomweyo

Gogo Nasibeko
Mwanawe za amayi ku Dedza usasinthe, yaing'ono ya mwezi ndi mwezi ma Mukuru, ma WorldRemit ndi anzawo aja amene amaponya pa Airtel Money kapena Mpamba ndi amene amathandiza, ungofananiza tsiku lomwelo poti reti yawo imasiyana. Uziikako ndi yotapira kwa ejenti, amayi asamadulidwe pa ya mankhwala. Ndipo usayerekeze kuwatumizira khadi yako kuti azikatapa pa ATM, mwana wa mchemwali wanga anatero ndi app ina, anaona khadi ikutapa ku Lilongwe mwini wake akugula buledi ku Manchester tsiku lomwelo, anatseka akaunti ndalama zili momwemo, masabata angapo akutumiza ma payslip.

Bambo a Tada
Gogo anena zoona. Ndiwonjezere za nyumba. Ubwino weniweni wa akaunti yotereyi kwa ife omanga ndi woti ndalama imadikira ili m'mapaundi kapena m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44%, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700, ndipo mu May 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25%. Ine nthawi imeneyo ndinali nditatumiza ya simenti ndi zitsulo za ring beam, inangokhala mu akaunti ya kwacha kudikira mmisiri amalize kwina, pomwe amabwera mitengo ku hardware inali itasintha kale, ndinagula zochepa ndi ndalama yomweyo. Pano ndimatumiza mmisiri akaima pa kauntala ndi quotation m'manja.

Njira ina ndi FCDA, akaunti ya ndalama zakunja yomwe mabanki akumudzi monga National Bank ndi Standard Bank amatsegulira anthu okhala kunja. Koma werengani kuti ndalama yanu ikusinthidwa kangati. Mukachoka ku paundi kupita ku dola, kenako dola kupita ku kwacha, mwametedwa kawiri, kuphatikizapo a SWIFT aja panjira. Ngati mukutsegula, tsegulani ya mapaundi poti ndi yomwe mumalandira, ndipo muzitumiza yambiri kamodzi osati ma £100 sabata iliyonse chifukwa chaji ya SWIFT siiona kuti yatumizidwayo ndi yochepa.

Kabaza Economist
World Bank imanena kawirikawiri kuti kutumiza ndalama kumaiko akuno kumwera kwa Sahara ndi kodula kuposa chigawo china chilichonse, pomwe cholinga cha United Nations nchoti pofika 2030 machaji atsike pansi pa 3%. Asisiwa pa $1,000 yawo kuphatikiza £20, $38 ndi ya mu reti ija adutsa kale katatu kkkk

Mnyamata wa pa Zomba
Mabwana nanga ife tili kumudzi konkuno tingatsegule Revolut? Ndimapanga ma logo, kasitomala wina wa ku Germany akuti andilipire mmenemo

Uncle wa ku Luton
Mphwanga Revolut amafuna ukhale m'dziko lomwe iwo akugwiramo ntchito, Malawi mulibe. Ndipo usabwereke adiresi ya munthu wakuno, tsiku lomwe adzafunse umboni wa pomwe ukukhala ndalama yako idzatsekeredwa mkati, ndi mwini adiresi yemwe umuika m'mavuto. Pita kubanki yako ukafunse za FCDA, akupatse SWIFT code, kasitomalayo umuuze asankhe OUR.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse, ndawerenga zonse pa break. Ndatsegula akaunti ya Wise ija, andifunsa pasipoti, selfie ndi umboni wa adiresi, pano akuti akuunika. Mng'ono wanga wapita ku ofesi lero, amuuza kuti marupi amalandira pa hostel ndi chakudya koma fizi yeniyeni akufunabe madola, ndiye semesita ikubwerayi ndiyesa zonse ziwiri ndidzakuuzani zomwe zafika. Achimwene a ku Joni ndawauza za invoice, angowerenga uthenga osayankha kkkk. Mai a Chiso, pa reference paja ndilembe nambala ya mwana yokha kapena ndi dzina lomwe? Malo ake akuoneka ochepa.

Mai a Chiso
Yambani ndi nambala, dzina lidzadukire kumapeto ngati malo atha. Risiti mumutumizire pa WhatsApp akasindikize apite nayo yekha ku ofesiko.