Defence kapena defense: liwuli linachokera kuti?

Wa Fomu 4:
Akuluakulu, ndithandizeni. Asilikali athu amalemba Malawi Defence Force, ndi c, koma pa intaneti ndikumaona defense, ndi s, ndipo kompyuta imaika mzere wofiira ndikalemba ndi c. Cholondola ndi chiti? Komanso liwu lomweli ndikulimva kukhoti, kumpira ndi kunkhondo. Gwero lake ndi limodzi?

Aphunzitsi Opuma:
Gwero ndi limodzi, mwanawe. Ndi mneni wa Chilatini defendere, wopangidwa ndi zigawo ziwiri: de-, kutanthauza kuchotsa kapena kukankhira kutali, ndi -fendere, kumenya. Choncho tanthauzo loyambirira si kubisala ayi, koma kuphera nkhonya panjira isanakufike. Tsinde lomweli ndi limene lili mu offend ndi offence, kumene kumenyako kukulunjika kwa mnzako.

M'Chingerezi liwuli linalowa kudzera m'Chifalansa chakale, cha m'ma 1300. Chiyambire 1066, pamene a ku Normandy analanda England, Chifalansa ndicho chinkayankhulidwa kunyumba ya mfumu, kukhoti ndi pakati pa akuluakulu a nkhondo, n'chifukwa chake mawu monga army, judge ndi court nawonso ndi obwereka. Angerezi anali ndi mneni wawowawo, werian, koma unazilala.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti fence, mpanda uja, ndi defence yemweyo atadulidwa mutu. Poyamba fence ankatanthauza chitetezo chilichonse, ndipo tanthauzo la mpanda linakhazikika cha m'ma 1500. Masewera omenyana ndi malupanga otchedwa fencing anachokeranso pomwepo, chimodzimodzi fend kuchokera ku defend.

Mayi Mkonzi:
Zikomo aphunzitsi. Ine nditengeko za kalembedwe. Zonse ziwiri n'zolondola, koma defence ndi ya ku Britain, defense ya ku America. Kuno timatsata Britain, ndiye pamayeso ndi m'makalata a ntchito lembani ndi c.

Chilembo chakale kwenikweni ndi s, monga zilili m'Chilatini defensa ndi m'Chifalansa cha lero défense. Angerezi anasinthira ku ce pofuna kusonyeza kuti mapeto ake amveke s, osati z, monga anachitira ndi hence ndi pence. Noah Webster, wolemba dikishonale wa ku America, mu dikishonale yake ya 1828, anasankha s, Amereka n'kumutsatira.

Pamene anthu amaphonya ndi apa. Ataphunzira kuti kwathu ndi c, amalemba defencive kapena defencible. Amenewo kulibe. Defensive ndi defensible amalembedwa ndi s konsekonse, pomwe defenceless amasunga c. Enanso amatengera lamulo la practice ndi practise, loti dzina ndi c, mneni ndi s, n'kulemba to defense. M'Chingerezi cha ku Britain mneni wake ndi defend basi.

Za mzere wofiirawo, Microsoft Word yanu yatcheredwa pa Chingerezi cha ku America. Dinani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse, pitani pa Review, kenako Language, Set Proofing Language, musankhe Chingerezi cha United Kingdom. Muchotsenso chongi pa Detect language automatically, apo ayi imadzabwerera yokha.

Womasulira:
Ndiwonjezere mbali ya matanthauzo, chifukwa womasulira akangoti chitetezo paliponse amasocheretsa anthu. Kunkhondo inde ndi chitetezo. Kukhoti the defence ndi mbali ya woimbidwa mlandu pamodzi ndi loya wake, pomwe a defence ndi mfundo yodzitetezera, monga kunena kuti panthawiyo sunali pamalopo. Kumpira ndi otchinga kumbuyo, madifenda aja. Pasukulu yaukachenjede, kuchita defence ndi kuyankha mafunso a akadaulo pa kafukufuku wako.

Panalinso tanthauzo lina limene m'Chingerezi linafa: kuletsa. Kale defend ankatha kutanthauza kuletsa, ndipo m'Chifalansa zikadali choncho. Chikwangwani cha défense de fumer chikuti osasuta fodya pano. Wodziwa Chingerezi chokha akhoza kuganiza kuti chikuikira kumbuyo osuta.

Aphunzitsi Opuma:
Zoona, bambo. Ndipo liwuli likakhala padzina la unduna muziliwerenga mosamala, chifukwa kale mayiko ankautchula poyera kuti unduna wa nkhondo. Ku America kunali Department of War, dzina la Department of Defense linabwera mu 1949. Ku Britain, War Office, Admiralty ndi Air Ministry zinaphatikizidwa kukhala Ministry of Defence ya lero mu 1964. Ntchito ya asilikali sinasinthe, koma dzina linayamba kunena kuti iwo akungobweza nkhonya.

Wa Fomu 4:
Ndathokoza kwambiri nonse. Nanga katchulidwe? Pakanema wa basketball ndimamva ochemerera akukoka "dii" koyambirira.

Mayi Mkonzi:
Amenewo ndi Amereka, ndipo amatero pamasewera makamaka, pofuna kusiyanitsa ndi offense. Kwina konse, kukhoti ndi m'kalasi momwe, mphamvu ili pa "fens", "di" n'kungomudutsa mwachidule.