Ndapatsidwa nsalu ya ku Philippines yolimba ngati chiguduli, ndidule ndisoketse chikwama?

Nabanda_Leeds

Abale moni nonse. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, nde pa shifiti ya usiku timakhala ndi mayi wina wa ku Philippines, wamkulu kwa ine, tonse timangomuitana kuti Ate, akuti kwawo ndi momwe amaitanira achemwali aakulu. Ate anapita kwawo pa holide mwezi wathunthu, pobwera wandibweretsera nsalu, akuti dzina lake t'nalak. Ine kumva kuti nsalu ndimaganiza ngati chitenje choti ndimange mchiuno Lamulungu, koma abale ayi ndithu, ndi yopapatiza, mulifupi mwake kuposa pang'ono mkono wanga kuchokera pa chigongono, mulitali ngati mamita awiri, yolimba khwaa koma yonyezimira ngati apaka polishi. Mitundu ndi itatu basi, yakuda, yofiirira ngati katondo ndi yoyererako ngati khonje. Ndinati Ate zikomo, ndikasoketsa chikwama chamanja ndi kena ka foni, iwo nkhope inangosintha, kenako anaseka nkuti ndi yako mwana wanga panga zomwe ukufuna. Kusekako sikunandisangalatse, kunali kuseka kwa munthu amene wamuponda chala koma sakufuna kukuuza. Alipo amene akuidziwa nsaluyi? Ndalakwitsa pati? Komanso imachapidwa bwanji poti ndikuopa kuiponya mmashini.

Wapanyanja77

Achemwali musaiponye mmashini chonde, mudzatulutsa chinthu chonga chisa cha mbalame kkkk. Ine ndakhala zaka zambiri pa sitima zonyamula katundu, timakwerera ku Durban, ndipo pa sitima iliyonse yomwe ndakwera anthu ochuluka amakhala a ku Philippines, kuyambira wophika mpaka a mu injini. Nde zinthu zawo ndazionako ndithu.

Chimene mwagwiracho si thonje. Ndi luzi la mtengo wotchedwa abaca, ukauona uli chiimire ungalumbire kuti ndi nthochi, masamba omwewo thunthu lomwelo, kungoti zipatso zake sizidyedwa. Amadula thunthu lija nkusenda makungwa, kenako nkumakoka pansi pa mpeni mpaka kutsala ulusi wokhawokha, monga momwe agogo ankapalira khonje kumudzi. Zingwe zakale za pa sitima zomwe ankati Manila zinali za abaca yemweyo chifukwa sawola msanga mmadzi amchere, pano zambiri ndi za pulasitiki. Olo timatumba ta tiyi tomwe mumaviika mkapu tija, tambiri muli abaca. Ndalama zawo zamapepala nazonso ankasakaniza abaca ndi thonje, moti boma litatulutsa ya 1000 ya pulasitiki mu 2022 alimi a abaca anadandaula kwambiri.

Koma za chifukwa chomwe Ate wanuyo anakwinyira nkhope ndisiyire ena, ine ndimadziwa zingwe basi. Chokhacho ndinganene nchoti anthu amenewa mphatso saiona mopepuka. Mnzanga wina wa mu injini ankagula tinthu doko lililonse, sopo, chokoleti, nsapato za ana, nkumasunga mpaka kudzaza chikatoni chachikulu chotumiza kwawo, amachitcha balikbayan, ndipo mkatimo aliyense mpaka mwana wa neba ali ndi kake. Nde munthu wotero akakunyamulira chinthu kuchokera kwawo mu sutikesi yomwe ili ndi malire a makilo, ndiye kuti anakuganizirani.

Aphunzitsi_opuma

Mayi Nabanda, mwapatsidwa chinthu chachikulu. Ndinawerengako za nsalu imeneyi nthawi ina ndipo sindinaiwale chifukwa cha nkhani ya maloto.

Amaomba ndi amayi a mtundu wa T'boli, amakhala kumapiri ozungulira Lake Sebu mchigawo cha South Cotabato, pa chilumba cha Mindanao kummwera kwa dzikolo. Iwo amakhulupirira kuti maluwa a pansaluyo munthu sachita kupeka ayi, amalota. Pali mzimu wa abaca dzina lake Fu Dalu, ndi umene umabwera kutulo nkumuonetsa mayi kalembedwe kake, iye akadzuka nkuyamba ntchito, popanda kujambula papepala, zonse zili mmutu. Si onse amalota, ena amangotengera zomwe analota amayi awo kapena agogo awo.

Ntchito yake ndi yomwe imandichititsa kakasi. Ulusi wa abaca sapota ngati thonje, amatenga kamodzi kamodzi nkumalumikiza ndi timfundo ting'onoting'ono mpaka utalike. Akatero amauyala pa chimango nkumanga malo onse amene sakufuna kuti utoto ulowe, nkuwiritsa mu mphika wa masamba a mtengo wina omwe amadetsa, masiku ambiri ndithu kubwerezabwereza. Kenako amamasula mfundo zina nkunyikanso mu utoto wofiira wochokera ku mizu. Pomwe sanamasule mpaka mapeto mpamene pamatsala poyera paja. Tangoganizani, maluwa onse amakhala atatha kale pa ulusi kuomba kusanayambe, nde akaphonya kuwerenga pang'ono pokha chithunzi chonse chapotoka. Choombera chake mbali ina amamangirira ku khoma la nyumba mbali ina mchiuno mwa mayiyo, ndi chifukwa chake nsaluyo ili yopapatiza, imalekezera pomwe manja ake afika. Kunyezimira mukunenako si polishi, amaipuntha ndi chimtengo kenako nkuikhutiza ndi chigoba cha nkhono ya mnyanja, ndipo kukhutizako kawirikawiri ndi ntchito ya abambo poti imafuna mphamvu. Kupanga mpukutu umodzi kumatenga miyezi.

Tsopano pa funso lanu. Pa mwambo wawo t'nalak inkapita pa malowolo, ankasinthanitsa ndi ziweto, ankafunditsa mayi pobereka. Ili ndi zoletsa zake, suidumpha, suiponda, ndipo akale ankati kuidula chisawawa kumadzetsa matenda. Ndiye inu mutangolandira nkunena kuti ndikaduladula, mwina mpamene Ate anadzidzimuka. Mayi wina wotchuka pa ntchitoyi, Lang Dulay, boma lawo linamupatsa ulemu wa Manlilikha ng Bayan mu 1998, ulemu umene amapatsa amisiri a ntchito zamakolo, akuti ankasunga mmutu mitundu ya maluwa pafupifupi 100, ina ya ng'ona ina ya agulugufe ina ya mitambo, ndipo anaphunzitsa atsikana ambiri kwawoko asanamwalire mu 2015.

Ine ndikanakhala inu sindikanadula.

TelalaWaKuArea

Aphunzitsi mwalongosola bwino koma pomaliza paja ine nde ayi. Nsalu ndi yogwiritsa ntchito, yongopinda mu sutikesi mpaka njenjete zidye ndi ya ntchito yanji? Ndalowa pa intaneti pompano, a T'boli eni akewo akugulitsa zikwama, tizikwama ta ndalama, zoyala patebulo za t'nalak yomweyo, nde amasoka bwanji osadula? Amayi amenewo ali ndi ana ofuna fizi, sangadye maloto. Ife tikamaopa kugula ndi kugwiritsa ntchito ati ndi zopatulika mapeto ake atsikana awo asiya kuomba apite kukagwira ntchito za mnyumba ku Dubai. Kwathu kuno nyanda, nsalu ya makungwa a mtengo ija, inatha bwanji, si choncho? Lero ukafunsa mwana kuti nyanda ndi chani akuyang'ana ngati wamutukwana.

Chomwe ndingakuuzeni monga telala nchoti nsalu ya luzi chonchi ukangodula imasosoka, m'mphepete monse kuyamba kuyoyoka, nde musapatse telala wa masiketi wamba. Amayenera kusoka mizere iwiri kaye mbali zonse asanalowetse sizasi, komanso mkati aikemo nsalu ina yofewa. Ndipo onetsetsani kaye ngati ili yeniyeni, poti masiku ano makina amadinda chilichonse, monga zitenje zathuzi zomwe timati zathu chonsecho zambiri zimachokera kunja. Tembenuzani, ngati maluwa akuoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri ndi yoomba, ngati kuseri kuli kotuwa ndi yodinda. Yang'ananinso timfundo aphunzitsi anena tija.

Aphunzitsi_opuma

A Telala simukunama, amagulitsadi zosoka, ndipo ndalama imeneyo ndi imene ikusunga lusoli. Koma pali kusiyana, iwo akamaomba yoti ikhale zikwama amadziwa kale podula ndipo mwambo wake amaudziwa okha. Apa tikunena ya mphatso, yobwera yathunthu. Komanso nkhani yodinda mwaitchulayo ndi bala lalikulu kwawoko, mafakitale amakopera maluwa a anthu amenewa nkumagulitsa motchipa eni ake osapezapo kanthu. Ali ndi lamulo la 1997 loteteza ufulu wa mitundu yamakolo, lomwe limakhudza malo awo ndi chikhalidwe chawo, koma kulemba lamulo ndi kwina, kuletsa makina odinda ndi kwinanso.

MaiTwins_Muscat

Ine sindidziwa za t'nalak koma ndikuuzeni za mkeka. Kuno ndimagwira ntchito ya mnyumba, nde tsiku lopuma timakumana ndi anzathu a ku Philippines kutchalitchi, akatha mapemphero amayala pansi nkutulutsa mpunga ndi nkhuku yawo ya adobo aliyense kudya, olo iwe mlendo sakufunsa kuti ndiwe ndani, amangoti bwera udye. Mmodzi ali ndi kamkeka kopinda kokongola zedi, amati banig, kwawo ndi ku Basey pa chilumba cha Samar. Amalukira udzu wa mmadambo wotchedwa tikog, kuuyanika, kuuphwanthitsa, kuunyika mitundu, kenako pamwamba amapetanso maluwa ndi mbalame. Ndinaugwira ndinakumbuka mkeka wa mlaza wa amayi anga ku Salima mpaka misozi, kungoti wawowu ndi wosalala kwambiri. Chinandiseketsa nchoti amayi ena kumeneko amakalukira kuphanga, akuti kuphanga la Saob, chifukwa kumazizira nde udzu suuma nkumathyoka. Amayi anga ankawaza madzi ndi pakamwa kuti mlaza ufewe, awa anangopeza phanga basi.

Anandiuzanso za namondwe wa 2013 uja, iwo amati Yolanda, anapha anthu oposa 6000 mdzikomo ndipo Basey inali mnjira yake yeniyeni, madzi a mnyanja analowa mtauni, nyumba kupita, tikog wosunga yense kuonongeka. Akuti amayi atangopeza pokhala anayambanso kuluka poti ndi pomwe pankachokera ya mchere. Nde ine ndinamufunsa kuti mkeka wokongola chonchi ukuyala pa fumbi bwanji, anati nanga mkeka ntchito yake nchani. Apa a Telala akhoza kusangalala kkkk. Koma mkeka ndi mkeka, yanuyo mwina ndi nkhani ina. Bwanji osangomufunsa Ate mwiniwakeyo mwaulemu? Anthu awa ali ngati ife, sakuuza pamaso kuti walakwa, amangoseka.

Wapanyanja77

Zoona zimenezo za kuseka, pa sitima wophika akakwiya mpamene amaseka kwambiri, umangoona nyama yachepa mmbale yako. Ali ndi mau ena akuti bayanihan, kuthandizana kwa pamudzi, chithunzi chake amaonetsa azibambo atasenza nyumba yansungwi yathunthu pamapewa kusamutsira malo ena. Ndinawauza kuti kwathu timati dima, kungoti ife timalima ndipo pamapeto pamakhala mowa, anati kwawonso pamapeto pamakhala chakudya ndi chakumwa, palibe amasenza nyumba ndi njala.

Nabanda_Leeds

Zikomo nonse abale, ndabwera ndi lipoti. Choyamba a Telala ndatembenuza, maluwa ali mbali zonse, ndipo nditayatsa tochi ya foni timfundo ndatiwona, tating'ono ngati mazira a nsabwe, tambirimbiri mpaka ndinasiya kuwerenga. Dzulo usiku titamaliza kugoneka agogo athu tinakhala pa tiyi cha mma 3 koloko nde ndinati Ate, tsiku lija ndinayankhula mothamanga, tandiuzeni za nsalu ija. Anayamba ndi kuseka komwe kuja kenako anamasuka. Akuti iwo si a T'boli, kwawo ndi ku Koronadal, tauni yomwe kumachitika chikondwerero cha t'nalak mwezi wa Julaye chaka chilichonse, koma anakwera galimoto mpaka ku Lake Sebu kukagula kwa mayi woomba yemwe, kunyumba kwake, osati mu shopu. Anandionetsa chithunzi pa foni, nyumba yayitali yansungwi, mayiyo atakhala pansi miyendo tambalale lamba ali mchiuno. Akuti za matenda iwo sakhulupirira kwenikweni poti ndi a Katolika, koma chinawapweteka nchoti anasankha dala chidutswa chomwe duwa lake likuyamba nkutha bwinobwino, nde kudula pakati kuli ngati kung'amba chithunzi cha munthu pankhope.

Za kuchapa akuti osachapa, kungopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, osaika padzuwa, ndipo posunga uzikulunga ngati mphasa osati kupinda chifukwa popindapo ulusi umathyoka. Ine ndinali nditaipinda kanayi mu dirowa, ndathamanga kukaitulutsa mmawa uno, mzere umodzi ukuoneka kale koma sunathyoke. Ndagula kandodo ndikoloweka pakhoma la kuchipinda komwe sikufika dzuwa. Chikwama akuti adzandibweretsera chosoka kale ulendo wina, ine ndawalonjeza mkeka wa ku Salima ndikapita kumudzi Disembala, nde a MaiTwins ndiuzeni pomwe ndingapeze wabwino wolowa mu sutikesi.