Duwa la mlambe likundikanika kujambula

Wa ku Moatize: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwini malo ena ogona alendo akufuna chithunzi cha duwa la mlambe, chachikulu cha saizi ya pepala ya A2 chopachika pakhoma, ndipo analipira kale theka. Ndapita masiku atatu pa mlambe wina panjira ya ku Zóbuè, koma zithunzi zonse zikutuluka zachimbuuzi. Ndikayatsa fulashi duwa likungoyera mbee, tiulusi take osaoneka. Ndili ndi Canon, lenzi ya 18-55.

Wa ku Ulongwe: Achimwene, mukumapita nthawi yanji?

Wa ku Moatize: Tsiku loyamba ndinapita masana, ndinapeza maluwa ofota okhaokha, ena atagwa pansi atasanduka akhofi. Kenako ndayamba kupita madzulo.

Wa ku Ulongwe: Madzulowo ndiye nthawi yake. Limatseguka kachisisira, mawa lake latha. Ikani kamera pa tripod (choimikira chamiyendo itatu), timer ya masekondi 2 kuti ijambule mutaisiya, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) ikhale yotsegula nthawi yaitali. Maluwa a mapichesi ku Tsangano mu Ogasiti ndimatero.

Mayi wa ku Songo: Pepani achimwene a ku Ulongwe, apa tripod yokha siithandiza. La pichesi limamatirira ku nthambi. La mlambe limalendewera pa kaphesi kakatali, mutu pansi, ndipo kamphepo kakang'onong'ono kamalivinitsa. Kamera iima nji, koma duwalo likuyenda. Chomwe chimaliimitsa ndi fulashi, chifukwa kuwala kwake kumangoti phethi. Vuto lanu ndi loti mukuliwomba nayo kumaso. Ichotseni pa kamera, mwana akugwirireni cham'mbali, motsika pang'ono, mphamvu 1/16. Kutsogolo kwake tchingani ndi pepala loyera, kapena dulani chigubu choyera. Kamera pa M (pomwe mumatchera zonse nokha), shutter 1/160 ya sekondi, kabowo ka lenzi f/11, ISO (mphamvu yomvera kuwala) 400, ndipo jambulani RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona). Mukaona poyera pakuphethira pa sikirini, ndiye kuti kuwala kwachuluka: tsitsani mphamvu ya fulashi kapena muitalikitse, musakhudze zina.

Wa ku Moatize: Mayi, fulashi yapadera ndilibe, ndi ya pa kamera yomweyo. Komanso lenzi imangosakasaka mumdima, siigwira.

Mayi wa ku Songo: Ya pa kamerayo ikulungeni ndi kapepala kopyapyala koyera, muichepetse mphamvu mpaka -1 kapena -2. Pa lenzi sunthani kabatani kachoke pa AF (lenzi kusaka yokha) kapite pa MF (kusaka ndi dzanja). Walitsani ndi tochi, kulitsani chithunzi pa sikirini, potozani lenzi ndi dzanja mpaka nsonga za tiulusi, pamene pali mungu, zioneke bwino. Ndiye zimitsani tochi, dinani.

Mnyamata wa ku Matundo: Bwanji osangothyola duwa n'kukalijambulira m'nyumba, mopanda mphepo?

Mkulu wa ku Changara: Ayi mwanawe. Likangogwidwagwidwa limayamba kuda m'mbali, mpaka ufike nalo ku Matundo ndi kutentha kwa Novembala kuno lafota kale. Komanso duwa lililonse ndi dambe la mawa, ndipo kuno amayi amagulitsa malambe m'mbali mwa msewu. Mtengo uli ndi eni ake, yambani mwalonjera anthu a pamudzipo musanaimike zida usiku. Ine ndajambula milambe kuyambira nthawi ya filimu, ndipo chithunzi chomwe ndimachikondabe ndi chomwe kumbuyo kuli thambo lofiira dzuwa litangolowa. Musadikire mdima wa ndiwe yani. Fikani dzuwa likadalipo, sankhani mphukira yotupa imene yayamba kung'ambika kunsonga, yomwe ili m'munsi, mukonzeretu zonse. Likayamba kutseguka mumaliona ndi maso likufunyulula, silichedwa. Mileme ndi agulugufe a usiku zikabwera musazithamangitse, ndizo zimanyamula mungu.

Wa ku Ulongwe: Ndavomera, za kaphesi sindinaziganizire. Kungowonjezera: duwalo ndi lalikulu ngati chikhatho, simukusowa lenzi ya macro yojambulira tinthu tating'onoting'ono. Ikani lenzi yanuyo pa 55, bwererani m'mbuyo pang'ono. Mukayandikira kwambiri, tiulusi tioneka koma timasamba take tisowa.

Wa ku Moatize: Ndabwerako usiku uno. Ndinapempha kwa agogo a pakhomopo, mdzukulu wawo anandigwirira tochi. Ndajambula 40, zakuthwa zatuluka 6. Chimodzi thambo likuoneka kumbuyo monga ananenera bambo a ku Changara, ndipo mungu ukuwerengeka. Kungoti mbali imodzi ya duwa yada.

Mayi wa ku Songo: Mawa mwanayo agwire katoni yoyera ku mbali yakudayo, ibweze kuwala. Musanakasindikize A2, yesani kaye kakang'ono muone ngati poyera sipanapsere.