KIA mpaka Heathrow kudzera ku Addis: kodi ndi maola angati kwenikweni?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Amayi anga akupita ku London mu July kukaona mdzukulu, ndipo ndege sanakwerepo chibadwire. Tikiti ndi ya Ethiopian Airlines, kuchokera ku KIA (bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe) kudzera ku Addis Ababa. Chandizunguza mutu ndi nthawi. Ku Addis akunyamuka cha m'ma 1 koloko usiku, ku Heathrow akutera cha m'ma 7 m'mawa. Si maola 6 amenewo? Koma mlamu wanga akuti ndi 8. Komanso pa intaneti ndaona kuti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, nanga ulendowu ukudyeranji masana ndi usiku wonse? Amayi ali ndi shuga, mankhwala amamwa pa nthawi yake, ndiye ndikufuna ndiwauze zenizeni.

Yankho loyamba: Achimwene, mlamu wanu akunena zoona. Nthawi ya pa tikiti imakhala ya dziko limene ndege ikunyamukira kapena kutera. Mu July wotchi ya ku Addis imatsogola ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku London, ndiye pa 6 wanuyo onjezani 2. Addis mpaka Heathrow ndi makilomita pafupifupi 5,900. KIA mpaka Addis ndi pafupifupi 2,600, maola anayi osakwana bwino ngati ndege siima pena, koma pa tikiti amaoneka ngati asanu chifukwa Addis amatitsogolera ndi ola limodzi. Mukaphatikiza mupeza 8,500, ndiye kukhotera ku Ethiopia sikutalikitsa njira kwenikweni. Chimene chimadya nthawi ndi kudikira pa bwalo la ndege la Bole ku Addis, kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku.

Yankho lachiwiri: Za kudikirazo musazipepuse. Addis ili pamwamba, mamita oposa 2,300, ndipo July ndi nthawi ya mvula kumeneko, usiku kumazizira. Amayi atenge juzi ndi chitenje m'kachikwama ka m'manja. Mankhwala onse akhalenso momwemo pamodzi ndi kalata ya adokotala, asalowe m'sutikesi, chifukwa katundu wamkulu akakaperekedwa pa KIA adzamuonanso ku London. Apempheretuninso wilutcheya ngakhale amayenda okha. Salipiritsa, ndipo wowakankhayo ndi amene adzawafikitse pa geti yoyenera popanda kulimbana ndi zikwangwani.

Yankho lachitatu: Pa mankhwala, wotchi ya pamkono asaisinthe mpaka atafika, azimwa potsata nthawi ya kuno. London mu July imatsalira ndi ola limodzi lokha. Ngati adzakhale mpaka kupyola Lamlungu lomaliza la October, pamenepo kusiyana kudzakhala maola awiri. Koma za shuga kaonaneni ndi adokotala awo asananyamuke.

Yankho lachinayi: Kkkk asakafunse nthawi kwa munthu wamba ku Addis! Kumeneko amawerenga maola kuyambira mbandakucha, imene ife tingati 7 koloko m'mawa iwo amati 1. Azingoyang'ana pa bolodi la ndege basi.

Wofunsa: Zikomo nonse, tsopano zamveka. Mchemwali wanga ndimuuza akadikire 7 koloko ya konko, asachotserepo kanthu. Funso lina: wilutcheya ndipemphe kwa ejenti amene anatigulitsa tikiti, kapena ndipite ndekha ku ofesi ya ndege?