Bondo lauma atachotsa chikhakha: tiliyeze bwanji, tilifewetse bwanji?

MwanaWaMlimi:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Bambo anga a zaka 58 anathyoka fupa la m'munsi mwa bondo, nkukhala ndi chikhakha chofika kuntchafu milungu 8. Achichotsa sabata yatha ndipo adokotala akuti fupa lagwirana, koma bondo lauma gwa. Pampando akukhala mwendo uli tambalale, kunjuta kuchimbudzi ndiye sizikutheka. Tingadziwe bwanji kuti likusintha? Ena akuti tingolipinda mwamphamvu kamodzi limasuke. Nzoona zimenezi?

WaMafizo:
Zopinda mwamphamvuzo musayerekeze, achimwene. Fupa lomwe lakhala m'chikhakha limakhala lofooka ndipo litha kuthyokanso. Ngakhale lisathyoke, minyewa imang'ambika, bondo limatupa, kenako limauma kuposa poyamba.

Yambani ndi kuyeza. Kuchipatala amagwiritsa ntchito goniometer, kachipangizo ka mikono iwiri kowerenga madigiri. Pakati pake amaika kumbali ya kunja kwa bondo, mkono umodzi kuloza fupa lotumphuka la m'mbali mwa chiuno, winawo kuloza kakolo. Bondo labwino limawongoka kufika pa 0 nkupindika mpaka cha pa 135. Kuyenda pamalo osalala kumafuna madigiri pafupifupi 60, kukhala ndi kudzuka pampando cha pa 90, kupalasa njinga cha pa 110. Kunjuta kumafuna 130 kapena kuposa, choncho ndi kumene kudzabwere komaliza.

Kunyumba tepi ya atelala ndi yokwanira. Bambo agone chagada pamphasa, akoke chidendene kupita kuthako mpaka pomwe angathere, inu muyeze masentimita kuchoka pachidendene kufika pathako. Yezaninso mwendo wabwinowo, chifukwa ndiwo muyezo wawo weniweni. Lembani m'kope kamodzi pasabata, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo. Kuyeza tsiku lililonse kumangofooketsa munthu.

Yezani kawiri: akapinda okha, ndi mukawathandiza pang'ono ndi dzanja. Ngati powathandiza likupita patali kwambiri, vuto lalikulu ndi kufooka kwa minofu. Ngati zonse zikuima malo amodzi, chomwe chauma ndi bondo lenilenilo.

NamwinoWakuMudzi:
Ndionjezerepo chinthu chomwe mabanja ambiri amaiwala: kuwongoka. Aliyense amadera nkhawa zopinda, koma bondo losawongoka bwino, ngakhale ndi madigiri 10 okha, limatsimphinitsa munthu ndi kumutopetsa akaima. Ayesereni chonchi: ali chigonere chagada, lowetsani dzanja kunsi kwa bondo. Likalowa lonse mosavuta pomwe ku mwendo winawo silikulowa, pali ntchito. Ndipo chonde, pilo pansi pa bondo usiku ayi. Amamva bwino, inde, koma bondo limazolowera kukhala lopindika.

Mafizo ake ndi awa, katatu patsiku. Poyamba ikani thaulo lofunda pabondo mphindi 10 mpaka 15, lofunda chabe, chifukwa khungu lochokera m'chikhakha silichedwa kupsa. Kenako gwirani kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo ndi zala, mwendo uli womasuka, mukasunthire m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali, ka 10 mbali iliyonse. Kafupa kameneka kakamatirira, bondo silingapindike ngakhale mulimbikire bwanji.

Zikatero akoleke chitenje kuphazi, agwire nsonga zake, azikoka chidendene pang'onopang'ono kupita kuthako. Akafika pomwe pakukoka, aime masekondi 30 akupuma bwinobwino, osagwedeza, abwerere. Kasanu. Ali pampando angathenso kukankha mwendo wodwalawo chambuyo ndi chidendene cha mwendo wabwino.

Powongola, sanjikani chidendene pa thaulo lokulunga, bondo lili m'malere, lizitsika lokha ndi kulemera kwake mphindi 5, nkumaonjezera mpaka 10. Minyewa youma imagonja ndi kukoka kofatsa kwa nthawi yaitali. Ali pomwepo alimbitse ntchafu ngati akukanikiza bondo pansi, masekondi 5, ka 10. Nyama ya pantchafu imaphwa msanga m'chikhakha, ndipo popanda iyo madigiri omwe apeza sangawagwiritse ntchito poyenda.

MwanaWaMlimi:
Zikomo kwambiri, amayi. Nanga ululu? Amati zikupweteka tikangoyamba. Tisiye kapena tipitirize?

WaMafizo:
Afunseni mtundu wa ululuwo. Kumva kukoka kutsogolo kwa ntchafu kapena kuseri kwa bondo ndi koyembekezeka, ndipo kumatha pasanapite nthawi akamaliza. Ululu wobaya, makamaka pomwe panathyoka, ndi woti musiye pomwepo. Akadzuka m'mawa bondo latupa ndipo lauma kuposa dzulo, munapyola muyezo: chepetsani, kwezani mwendo pamwamba, ikani nsalu yozizira mphindi 15. Pa tsiku lotupa chotero thaulo lofunda lija musaike.

MkuluWaMafupa:
Anzangawa afotokoza bwino. Ine ndikhudze zoopsa. Katumba akatupa mbali imodzi, akuwawa ndi kutentha, mwina magazi aundana mumtsempha. Musasisite, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akayamba befu kapena kumva kuwawa pachifuwa, thamangani nawo. Chimodzimodzi bondo lotentha kwambiri, lotupa, thupi likutenthanso.

Kuponda ndi mphamvu zonse ndi nkhani ina. Kugwirana kwa fupa sikutanthauza kuti ataye ndodo. Funsani adokotala omwe anaona X-ray kuti aponde mochuluka bwanji.

Nthawi nayo ndi yofunika. Miyezi itatu yoyamba ndi pomwe bondo limamva msanga. Kope lija likaonetsa kuti padutsa milungu itatu kapena inayi osasintha, kapena bondo likuima ngati lagunda chinthu cholimba, musadikire. Pemphani kuonana ndi a mafizo kapena a zamafupa kuchipatala cha boma chachikulu, ndipo zikavuta atha kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nthawi zina madokotala amapinda bondo munthu atamugoneka ndi mankhwala, ataona kaye kuti fupa lingapirire, ndipo zimenezi zimayenda bwino bondo lisanaume miyezi yambiri.

Za kuchimbudzi, akalipentala aboole mpando wathabwa wolimba muuike pamwamba pa dzenje, wotalika moti mawondo asakwere kuposa chiuno, nkukhomera mtengo wogwirira pambali. Bondo likamapita patsogolo, muzidula miyendo ya mpandowo pang'onopang'ono.